Za Pakhomo Pathu: Banga la Mafuta pa Mpando wa Chikopa

Kuno ku Chiuaula, mumzinda wa Lichinga, mwezi wa Juni ukangolowa munthu sayerekeza kutuluka m'mawa wopanda juzi. Mzinda wathu unamangidwa pamtunda, mamita oposa 1,300 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mphepo yachisanu ikamaomba kudutsa m'mitengo ya paini milomo imang'ambika, zidendene zimachita ming'alu, khungu nalo limatuwa ngati la munthu amene wagona paphulusa. Imeneyi ndiyo nyengo imene ogulitsa mafuta odzola pamsika wa Chiuaula amasekerera. Tonsefe timadzola, akulu ndi ana omwe, ndipo timachita bwino. Koma mafuta amene timadzolawo sathera pathupi pokha. Ena amatsalira pamene tatsamira, ndipo nkhani yathu ya mwezi uno yachokera pomwepo.

Zaka zingapo zapitazo mpingo wathu unasonkha ndalama zogulira mipando itatu ya chikopa yoika m'chipinda chochezera kunyumba ya abusa. Sinali yatsopano. Anatipezera ndi mbale wathu wina wogwira ntchito ku Johannesburg, ndipo inayenda ulendo wautali palole, kudzera ku Tete ndi ku Malawi, n'kudzalowa pachipata cha Mandimba. Tsiku limene inafika amayi anaimba nthungululu. Patapita zaka zinayi abusa aja anasamutsidwa, ndipo komiti yoyang'anira katundu wa mpingo, imene ifenso tinali momwemo, inapita kukawerenga zinthu za m'nyumbamo pokonzekera abusa atsopano. Pampando waukulu, pamene mutu umatsamira, tinapeza banga lakuda, lonyezimira, lomata kukaligwira, kukula kwake ngati mbale ya ndiwo. Pokhazika mikono panalinso pothimbirira chimodzimodzi. Pamipando iwiri inayo mabanga analiponso, koma ocheperako.

Sitinanene kanthu pamaso pa wina aliyense, koma pofika Lamulungu mawu anali atayenda kale akuti amayi busa amene anachokawo sankasamala katundu wa mpingo. Loweruka lotsatira tinatulutsa mpando waukulu uja pabwalo. Mnyamata wina wamphamvu zake anaukwecha ndi bulashi yochapira ndi sopo wa ufa. Banga litakana, mkulu wina anati, "Mwanawe, tenga palafini, ameneyo ndiye mdani wa girizi." Anathira palafini, anatsukanso, n'kuusiya padzuwa kuti uume msanga. Beseni la madzi tinanyamula ndife, choncho sitikuloza chala munthu. Pofika madzulo utoto unali utachoka pamalo aakulu kuposa banga lija, chikopa chitauma gwa, ndipo mlungu usanathe chinang'ambika pamene munthu woyamba anatsamirapo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ife tinayamba kufunsa phula titadya kale, ndipo zimene tinaphunzira kwa mmisiri wina wachikulire wokuta mipando, ndi zimene tinawerenga pambuyo pake, ndizo tikukupatsirani pano.

Chikopa cha pampando, ngakhale chadutsa m'mankhwala ndi kupakidwa utoto, chikadali khungu la nyama. Mkati mwake muli timaulusi tosawerengeka tolukanalukana, ndipo pakati pa timaulusito pali timipata timene timamwa chilichonse chamadzimadzi chimene chafikapo. Ofufuta zikopa m'mafakitale amathiramo mafuta awo, oyezedwa bwino, osakanizidwa ndi madzi kuti alowe mofanana ponseponse, ndipo mafuta amenewo ndiwo amachititsa kuti timaulusi tija tizitsetsereka pamene chikopa chikupindika. Makolo athu ankadziwa zomwezo: pofufuta chikopa cha ng'ombe kapena cha mbuzi ankachipala, kuchipaka mafuta, ndi kuchifikisa m'manja kufikira chitafewa. N'chifukwa chake ambiri a ife timaganiza kuti mafuta ali onse ndi chakudya cha chikopa, ndipo timadabwa kumva kuti mafuta a m'mutu amachiwononga.

Kusiyana kwake n'kwakuti mafuta a m'thupi sabwera okha, ndiponso sagawanika. Khungu la munthu, makamaka la m'mutu, la kumaso ndi la m'khosi, limatulutsa mafuta ake usana ndi usiku, ngakhale munthuyo atamasamba kawiri patsiku. Mafutawo amasakanikirana ndi mchere wa m'thukuta, ndi vaselini kapena gilisalini amene tadzola, ndi mafuta a tsitsi, ndi fumbi lofiira la m'misewu yathu ya m'chilimwe, ndipo zonsezo zimagwera malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, pakuti munthu aliyense ali ndi mpando wake umene amaukonda ndi katsamiridwe kake. Poyamba zimakhala pamwamba. Pang'ono ndi pang'ono zimafewetsa utoto ndi vanishi wa pachikopa, n'kuboola, n'kulowa m'timipata tija, n'kumafalikira pansi kumene diso silifika. Zikakhalitsa zimasasa, monga amachitira mafuta ophikira amene aiwalika m'botolo losatseka, ndipo pamenepo mpamene pamadera ndi kumata. Tsono banga limene mukuliona pamwamba lili ngati mvuu m'nyanja: mukuona makutu ndi mphuno, thupi lonse lili pansi. Titamvetsa zimenezi tinachita manyazi. Amayi busa aja akanapukuta mpandowo ndi nsalu youma m'mawa uliwonse kwa zaka zinayi zonsezo, banga likanabwerabe.

Musanagwire sopo, ufa kapena china chilichonse, yambani mwadziwa mtundu wa mpando wanu, pakuti mankhwala a mtundu wina ndi poizoni kwa unzake. Kuno ku Niassa ng'ombe sizichuluka monga ku Angónia kapena kum'mwera kwa dziko lino, chifukwa cha kashembe amene ali m'madera ambiri, ndipo mipando ya chikopa chenicheni imachokera kutali. Mipando yambiri ya m'nyumba zathu, ija amakhoma akalipentala athu ndi matabwa a paini, imakutidwa ndi nsalu yopakidwa pulasitiki imene m'Chipwitikizi amati napa, ku Malawi ambiri amati rekisini. Dzina la napa lili ndi msampha wake. Pachiyambi linali dzina la chikopa chenicheni chofewa kwambiri, chimene anayamba kufufuta m'tauni ya Napa ku California cha m'ma 1875, ndipo m'maiko ena likutanthauzabe chomwecho. Choncho wogulitsa akati "iyi ndi napa", mawuwo paokha sakukuuzani kanthu. Pendekani mpando, mufune pamene chokutiracho chathera pansi, muone kuseri kwake. Kukakhala nsalu yolukidwa, ndi pulasitiki. Kukakhala kokhakhala, kwaubweyaubweya, kofanana ndi mkati mwa lamba wachikopa, ndi chikopa.

Wa pulasitiki savuta. Samwa mafuta, choncho madzi ofunda, sopo pang'ono ndi kansalu kofewa zimakwanira. Koma musamusiye ndi mafutawo miyezi, chifukwa nayenso amauma ndi kusweka, kapena kusupuka ngati khungu la njoka, makamaka pomwe patsamira mutu.

Chikakhala chikopa chenicheni, donthezani dontho limodzi la madzi pamalo obisika, monga kuseri kapena pansi pa khushoni, mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu. Dontho likangokhala pamwamba ngati patsamba la koko, chikopacho n'chopakidwa utoto ndi vanishi. Mipando yambiri ya chikopa ndi yotero, ndipo ndiyo yosavuta kusamala. Dontho likalowa n'kusiya kadontho kakuda, chikopacho changonyikidwa mumtundu koma pamwamba pake palibe chotchinga. Amalonda amachitcha aniline. N'chokongola, chofewa, chokwera mtengo, ndipo chimamwa mafuta ngati mchenga. Palinso chija chaubweya wosalala, chimene chimasintha maonekedwe mukachisisita ndi chala. Chimenecho madzi asachikhudze n'komwe.

Tiyambe ndi banga latsopano, pakuti ndilo lili ndi chiyembekezo chachikulu. Mwana wakwera pampando ndi mandasi m'manja, kapena mlendo wagwetsa nthuli ya nkhuku pamene mumadyera m'chipinda chochezera. Dzanja limathamangira kufikisa, ndipo kufikisako ndiko kumakankhira mafuta mkati ndi kukulitsa banga. Ngati pali chotsalira, chikokoloreni mofatsa ndi msana wa supuni. Kenaka tengani nsalu yoyera youma ya thonje, muiike pamwamba, mupsinje, munyamule, mutembenuze mbali youma, mupsinjenso, kufikira nsaluyo italeka kutenga mafuta. Mukatero thirani ufa.

Ufa wake ndiwo tifuna tiufotokoze bwino, chifukwa pamenepa pali posokonezeka. Chofunika ndi ufa wosalala, wouma, wopanda mafuta akeake, kuti ukoke mafuta kuchokera m'chikopa. Ufa wa chinangwa, uja abale athu a kunyanja ku Metangula ndi ku Cóbuè amaphikira kondowole, ndi wabwino kwambiri mukausefa, pakuti pafupifupi wonse ndi sitachi. Ufa woyera wa chimanga chokonola ndi kuviika nawonso umagwira ntchito. Sitachi wa chimanga wa m'mapaketi wogula m'sitolo, choko choyera chosinja, ndi paudala wa ana, zonsezi n'zoyenera. Koma mgaiwa ayi. Mgaiwa umagayidwa pamodzi ndi mtima wa chimanga, ndipo mumtimamo ndimo muli mafuta, omwe aja mafakitale amayenga kukhala mafuta ophikira. Za nsinjiro ndi ufa wa soya sitinenanso.

Thirani ufawo mowolowa manja, ukwirire banga lonse ndi kupyolako pang'ono, kuchindikala kwake ngati theka la chala. Upsinjeni pang'ono ndi chikhatho, osaufikisa. Ngati banga lili potsamira msana pamene ufa sungakhazikike, gonekani mpandowo chagada. Usiyeni usiku wonse, maola 8 kapena 12, ndipo muvundikirepo beseni ndi kuikapo mwala, chifukwa makoswe ndi nyerere sadziwa kuti ufawo uli pantchito. M'mawa sesani ndi bulashi yofewa kapena ndi nsalu youma. Mudzaona kuti ufa umene unagunda pachikopa wachita timibulu ndipo wasanduka wachikasu: amenewo ndiwo mafuta atuluka. Thirani ufa watsopano, mubwereze, katatu, kanayi, kufikira ufa utayamba kuchoka woyera monga unalowera. Ambiri amalephera pano, osati chifukwa njirayi siigwira, koma chifukwa amayesa kamodzi n'kugwa mphwayi. M'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene chinyontho chimalowa m'nyumba zathu, yambani mwauyanika ufawo kapena kuuwambako pachiwaya n'kuuziziritsa. Ufa wa chinyontho sukoka mafuta, umangomata ndi kuitana chuku. Njira ya ufayi ndi yoyenera mitundu yonse ya chikopa, ngakhale chaubweya chija, ndipo imathandizanso pa zikwama ndi pa zikuto zachikopa za mabuku athu opita nawo kutchalitchi, zimene zimadera pamene chala chachikulu chimagwira.

Ufa ukamaliza mbali yake, chikopa chopakidwa vanishi chikhoza kupukutidwa ndi madzi. Madzi a mvula oyera ndi abwino kuposa a pamjigo, amene nthawi zina amasiya mzere woyera akauma. Akhale ofunda pang'ono chabe, oti khanda lingasambe. Mulita imodzi donthezanimo madontho ochepa a sopo wofatsa, monga wosambitsira makanda, muvundule mpaka thovu. Viikani kansalu koyera, mukafinye kufikira katasiya kudontha, ndipo muyambe mwayesa pamalo obisika. Kansaluko kakatenga mtundu wa mpando, lekerani pomwepo. Kakapanda kutenga, pukutani mozungulira, mopepuka, ndipo musapukute pabanga pokha: yambirani pamsoko wina kukafika pamsoko unzake, kuti chigawo chonse chinyowe ndi kuuma mofanana, popanda mkombero. Tsatizani ndi kansalu kena konyowetsedwa m'madzi opanda sopo, kenaka kouma. Mpando uume wokha m'nyumba, mazenera ali otsekula.

Tsopano banga lakale, la m'mutu ndi la m'manja, longa lija tinalipeza ife. Pano tinene zoona zokhazokha: silichoka lonse ndi zinthu za m'khitchini. Chimene chimachoka ndi litsiro la pamwamba, ndipo nthawi zambiri limenelo ndilo theka la kunyansa kwake. Kupukuta ndi thovu kuja, kawiri kapena katatu pamasiku osiyana, kumachotsa kumata ndi kunyezimira. Ufa, mukaupirira milungu iwiri kapena itatu, umakokako ena mwa mafuta a pafupi. Koma amene analowa pansi zaka zapitazo amakwereranso pamwamba pang'onopang'ono, ndipo mukhoza kuona banga limene munaliyesa latha likubwerera patapita mwezi. Musaganize kuti mwalakwitsa. Ndi mvuu ija yatulutsanso mphuno.

Akatswiri okonza zikopa ali ndi phala lawo lapadera, losakaniza mankhwala osungunula mafuta ndi ufa wokoka. Amalipaka pabanga, limalowa, ndipo pouma limatulutsa mafutawo n'kusanduka ufa wachikasu umene amausesa. Amabwereza kambirimbiri mpaka ufawo utatuluka woyera. Kawirikawiri utoto umachokera limodzi, kotero kuti pomaliza amapakanso utoto wofanana ndi vanishi watsopano. Phala lotere ndi la m'masitolo a m'mizinda ikuluikulu, ndipo amene muli ndi abale oyenda ku South Africa mukhoza kuwatuma. Koma kumbukirani kuti kugula phala popanda utoto wake ndi kuyamba ulendo umene simudzaumaliza. Njira ina, imene mmisiri wathu wachikulire anatiuza, ndi yodula chigawo chowonongekacho n'kusokererapo chikopa chotengedwa kuseri kwa mpando womwewo, kumene kumayang'ana kukhoma, kuseriko n'kutsekako ndi nsalu. Mtundu umafanana chifukwa chikopacho n'chimodzi. Koma yambani mwaonetsetsa, pakuti mafakitale ambiri amaika chikopa chenicheni kutsogolo kokha, kuseri n'kuikako pulasitiki wofanana nacho.

Tibwerere ku Loweruka lathu lija, tione chimene chinapha mpando. Akatswiri ali ndi muyeso umene amautcha pH, woyezera ngati chinthu chili kumbali ya zowawasa monga mandimu kapena kumbali ya zoterera monga chidulo. Madzi abwino ali pakati, pa 7. Chikopa chofufutidwa chimakhala kumbali yowawasa pang'ono, cha pa 4 kapena 5, ndipo chimalimba chikakhala pomwepo. Sopo wa ufa wochapira zovala ali cha pa 10 kapena kupyola. Akalowa m'chikopa amasukulutsa mafuta abwino aja a kufakitale ndi kufooketsa timaulusi, bulashi yolimba n'kumalizitsa ntchito pokanda vanishi. Phulusa ndi chidulo n'zimodzimodzi. Ngakhale soda wophikira, amene ambiri amamutama, ali mbali yomweyo, ngakhale ndi wofatsirapo. Popeza ufa wa chinangwa tili nawo, ife sitiona chifukwa chomuyesera pachikopa.

Palafini amasungunuladi girizi, ndipo pa unyolo wa njinga mkulu uja sananame. Koma pachikopa girizi wosungunukayo alibe kopita koma mkati, ndipo palafiniyo payekha ndi mafuta, amene fungo lake limakhala miyezi. Petulo amaonjezapo ngozi ya moto m'nyumba zimene timaothera mbaula. Sipiriti ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo amadya vanishi nthawi yomweyo. Mankhwala oyeretsera zovala zoyera amawaula mtundu kosabwereranso. Ndipo za dzuwa, funsani aliyense woimba ng'oma: akafuna kuti ng'oma ikungike amaiwamba pamoto, chifukwa chikopa chikatenthedwa chimakokana ndi kuuma. Ndi zomwezo tinachita ife ndi chikopa chonyowa, chimene tinali titachilanda kale mafuta ake. Mpando wa chikopa usayandikire mbaula m'nyengo yachisanu ino, ndipo usakhale pazenera pamene dzuwa la masana limagwera tsiku ndi tsiku.

Ena, poona kuti chikopa chauma, amachipaka mafuta ophikira kapena a nsatsi. Chimanyezimira mlungu umodzi, kenaka mwadzipangira nokha banga lomwe mumalithawa, lalikulu kuposa loyamba. Ena amapaka polishi wa nsapato kuti abise. Ameneyo sauma bwino pampando, ndipo mayi woyamba kukhalapo atavala bulauzi yoyera ya chigwirizano adzakuuzani zotsatira zake. Ngati mwapeza mafuta enieni osamalira mipando ya chikopa, pakani pang'ono kwambiri, kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo pokhapokha chikopa chili choyera. Kupaka pamwamba pa litsiro ndi kulitsekera mkati.

Vuto limeneli si lathu lokha, ndipo si ladzana. Ku England, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, wometa tsitsi wina wa ku London dzina lake Alexander Rowland anatchukitsa mafuta a tsitsi otchedwa Macassar, potengera dzina la doko la Makassar pachilumba cha Sulawesi, m'dziko limene lero ndi Indonesia. Amuna a kumeneko anawakonda kwambiri, ankadzola mpaka tsitsi kuchita kuwala, ndipo mipando ya m'nyumba zawo inayamba kudera pamene mitu imatsamira. Amayi a m'nyumbazo sanalimbane ndi amuna awo kapena ndi mabanga. Anayamba kuyala tinsalu pamsana pa mipando ndi pokhazika mikono, ndipo cha m'ma 1850 tinsaluto tinali titapatsidwa kale dzina lakuti antimacassar, kutanthauza chotchinjiriza mafuta a Macassar. Mafutawo anaiwalika, koma tinsaluto tilipobe. Mukakwera ndege, kapena basi yaikulu ya maulendo ataliatali, kansalu kaja kamene kali pamene mwatsamiritsa mutu ndi komweko, ndipo eni ake amakasintha kuti asasinthe mpando.

Tinsalu tomweti ndito amayi athu ankaluka ndi koloshe, madoilo oyera aja a maluwamaluwa amene anali m'nyumba iliyonse ya mphunzitsi, ya mlaliki ndi ya kalaliki. Luso limeneli linafala kwambiri kudzera m'makalasi a zosokasoka a pamishoni ndi m'magulu a amayi a m'mipingo. Ife tinakula tikuganiza kuti ntchito yake inali kukongoletsa basi. Ndipo tikumbukira bwino kuti tsiku lija mipando inafika, mayi wina wachikulire anabwera ndi madoilo atatu m'chikwama, koma achinyamata a m'komiti, ife tili pakati pawo, tinamuuza mwaulemu kuti, "Amayi, zimenezo n'zachikale, chikopa chokongola chotere sabisa." Anangoti, "Chabwino ana anga," n'kuwabwezera m'chikwama.

Pali chimodzi chokha chimene tingawonjezere pa nzeru ya amayiwo. Doilo la mabowo aakulu limalola tsitsi kugunda chikopa, choncho pansi pake payenera kukhala nsalu yathithithi ya thonje, kapena mungoyala kapulana wopinda pawiri. Akhale wochapidwa kale kangapo, chifukwa kapulana watsopano akanyowa ndi thukuta amatha kusiya mtundu wake pachikopa chowala. Nsaluyo ichapidwe mlungu uliwonse. Ikakhuta mafuta imayamba kuwapatsira pansi. Kuwonjezera apo, pukutani potsamira mutu ndi pokhazika mikono ndi kansalu kofinya bwino kamodzi pamlungu, mafuta asanapeze nthawi yoboola vanishi, ndipo amene wangodzola kumene adikireko pang'ono asanatsamire. Ngati makhushoni amachoka, asinthanitseni malo, ndipo bambo a m'nyumba apemphedwe, mwaulemu wake, kuti nthawi zina azikhalako pampando wina.

Mpando waukulu uja mmisiri anaupendeka napeza kuti kuseri kwake n'kwa pulasitiki, kotero panalibe potenga chigamba. Anaukuta wonse ndi napa yakuda, ndipo ndalama zake zinachokera m'thumba limene tinkasungira malata a kalasi ya Sande sukulu. Ana anaphunzira chaka china chathunthu pansi pa denga lodontha. Mipando iwiri inayo tinaisamala ndi thovu ndi ufa wa chinangwa kwa milungu itatu, amayi awiri akusinthana kusesa m'mawa ndi kuthira madzulo. Umodzi unayera ndithu. Unzake banga likuonekabe pang'ono, ngati mthunzi, mukakweza nsalu.

Komiti inalembera kalata amayi busa aja kumene anasamukira, kupepesa chifukwa cha mawu amene anayenda. Anayankha patapita mwezi. Anati mawuwo anali atawapeza kale kumeneko kalata yathu isanafike, ndipo anaonjeza kuti m'zaka zinayi zija anayesapo kawiri kuyala nsalu pampandowo, koma nthawi zonse ziwiri anaichotsa atamva kuti a komiti safuna chikopa chibisike. Mayi wachikulire uja tinapita kwawo kukapempha madoilo ake. Anali atapatsa kale mdzukulu wake paukwati, koma analuka ena asanu ndi limodzi, atatu oyala ndi atatu osinthira, ndipo amachapidwa Lachisanu lililonse.